Foni imene ikutisaka kuno ku Joni ndi yomwe tikusakira anzathu kumudzi

Uthenga wake umakonda kubwera Lamulungu usiku, munthu utasita kale malaya a ku ntchito. Ndi mawu ojambulidwa pa WhatsApp, a mwamuna amene akupumira m'mwamba: "Abale anga Amalawi, mawa musatuluke. Akuti ayambira ku Jeppe, akuyenda khomo ndi khomo." Satchula dzina lake, sanena tsiku, sanena amene wamuuza. Ikamakwana 10 koloko mawuwo alowa kale m'gulupu ya mpingo, ya anthu a kwathu ndi ya maliro, ndipo mayi anga kumudzi ayimba kawiri. M'mawa mwake mlamu wanga, amene amasamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Randburg, sakwera taxi. Marandi a tsiku limenelo apita, ndipo abwana ayamba kufunsafunsa ngati kuli mnyamata wina wosajomba. Madzulo timamva kuti ku Jeppe kunali zii tsiku lonse.

Mlamu wangayo sindimudzudzula. Ndinali kuno mu Meyi 2008 pamene ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse, anthu 62 n'kufa. Amene anaona utsi wa chaka chimenecho sanyozera chenjezo. Chaka chomwecho chimandikakamizanso kuvomereza kanthu kena ndisanapite patali: chidani sichinabwere ndi foni. Mu 2008 WhatsApp kunalibe, mafoni athu anali oyimbira ndi kulemberana timauthenga basi, koma anthu anawotchedwa. Chimene masamba a mchezo asintha ndi kakhalidwe ka chidanicho. Kale chinkabwera ngati namondwe, n'kugwetsa zogwetsa, n'kupita. Lero chasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku, ili ndi malipiro ake, ndipo ili ndi makwerero opita ku mipando ya boma.

Ndale zimene ndikunenazi ine ndimazitcha ndale za chigulugulu. Mwini wake sataya nthawi kukufotokozera bajeti. Amaimirira n'kunena kuti dziko lagawika pawiri: uku kuli anthu enieni, ovutika ndi oiwalidwa, uko kuli akuba a pamwamba pamodzi ndi alendo amene akubawo akuwatsegulira zipata. Kenako amati iye yekha ndiye pakamwa pa anthu enieniwo. Khoti likamutsutsa ndiye kuti lagulidwa, mtolankhani akamufunsa funso lovuta ndiye kuti watumidwa. Vuto lililonse, kaya la madzi, la ntchito kapena la mankhwala m'chipatala, amalipatsa nkhope ya munthu, ndipo amasankha nkhope ya munthu amene ungamufikire ndi dzanja.

Ndale zotere zili ndi mphamvu chifukwa zimagwira pa chilonda chenicheni. Mwa anthu atatu alionse ofuna ntchito m'dziko muno, mmodzi alibe, ndipo kwa achinyamata zinthu n'zoipa kuposa pamenepo. Mnyamata wa ku Soweto amene anamaliza sukulu zaka zisanu zapitazo, akugonabe m'nyumba ya agogo ake, akudya ndalama ya ukalamba ya agogowo, sakunama akamati moyo wamukanika. Amene anadya ndalama za makampani a boma a Eskom ndi Transnet, aja anatchulidwa pa kafukufuku wa woweruza Raymond Zondo, amakhala kuseri kwa mipanda ya magetsi ndipo ali ndi maloya. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma Mmalawi wogulitsa tomato pakona ya msewu alibe mpanda, alibe loya, mwina alibenso pepala. Mkwiyo umene unayenera kukwera phiri umatsikira kwa iye.

Foni ikulowa pamenepa. Makampani a masamba a mchezo amapeza ndalama pogulitsa nthawi yathu kwa otsatsa malonda. Ukakhalitsa pa tsamba lawo, iwo apindula, ndipo anazindikira kalekale kuti chimene chimamumata munthu pa foni ndi mkwiyo ndi mantha. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Zinaonetsa kuti mu 2017, tinkhope timene timadina tija, kuphatikizapo kokwiya kofiira kaja, tinkawerengedwa kasanu kuposa kachala kovomereza posankha nkhani zoti anthu ambiri aziziona. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America, atalondola nkhani zambirimbiri pa Twitter, anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika kasanu ndi kamodzi kuposa yabodza kuti ifike kwa anthu 1,500, ndiponso kuti amene ankathamangitsa bodzalo kwenikweni anali anthu, osati makina. Elon Musk, wobadwira ku Pretoria konkuno, atagula Twitter mu 2022 n'kuitcha X, anayamba kulipira eni maakaunti malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene akutengeka ndi zolemba zawo.

Ndiye tabwererani kwa mnyamata wa ku Soweto uja. Akalemba za mpope umene waphulika mumsewu wa kwawo, amuyankha anthu khumi. Akajambula kanema akupanikiza mlendo kuti aonetse pasipoti, amuona anthu masauzande, ena n'kumutcha mtsogoleri. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake wina wamuwerengera. Mawa adzuka kukajambula chiyani?

Makampaniwo amati ali ndi malamulo oletsa chidani. Mu 2023 mabungwe a Global Witness ndi Legal Resources Centre anawayesa. Anakonza zotsatsa zodzaza ndi mawu achidani pa alendo, m'Chingerezi, Chiafrikaans, Chizulu ndi Chixhosa, n'kuzitumiza ku Facebook, TikTok ndi YouTube. Pafupifupi zonse zinavomerezedwa, kungoti mabungwewo anazichotsa zisanatuluke. Ngati mlonda wa pachipata sanamve Chizulu, chilankhulo cha anthu mamiliyoni, ndi ndani kumeneko akumvetsera mawu ojambulidwa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka?

Amene takhalitsa kuno njira yake taiona ndi maso. Mu 2020, tili otsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, pa Twitter panabuka mfuu ya #PutSouthAfricansFirst. Akaunti imene inkatsogolera inali ndi dzina la mkazi, koma ofufuza a DFRLab atalondola anapeza kuti kumbuyo kwake kunali mwamuna amene kale anali msilikali. Mawu amodzimodzi ankabwerezedwa usana ndi usiku mpaka zinamveka ngati dziko lonse likulankhula. Mu Juni 2021 mfuu ija inatsika pa foni n'kuponda pansi ku Soweto ndi dzina la Operation Dudula, liwu la Chizulu lotanthauza kukankhira kunja. Mu Epulo 2022 ku Diepsloot, gulu la anthu linkayenda usiku kufunsa mapepala m'makomo, ndipo Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe anamenyedwa n'kuwotchedwa pafupi ndi pamene ankakhala. Mu Ogasiti chaka chomwecho kanema wa Phophi Ramathuba, mkulu wa zaumoyo m'chigawo cha Limpopo pa nthawiyo, akukalipira mayi wa ku Zimbabwe amene anali gone pabedi m'chipatala cha Bela-Bela, anazungulira dziko lonse. Dokotala kukalipira wodwala pamaso pa kamera! Ambiri tinkati ntchito yake yathera pomwepo. Mu 2024 anakhala mtsogoleri wa chigawo chonsecho. Gayton McKenzie, amene amakonda kulankhula ndi omutsatira pa Facebook ndipo chipani chake cha Patriotic Alliance chinachita kampeni ndi liwu lakuti "Abahambe", kutanthauza kuti azipita, anapeza mipando 9 pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024 n'kukhala nduna ya zamasewera ndi chikhalidwe.

Mnzanga wina wa kuno, mphunzitsi wofatsa, anandiuza kuti ndikukokomeza. Anati Dudula inalembetsa ngati chipani koma ilibe ngakhale mpando umodzi ku nyumba ya malamulo, ndipo anthu ambiri a dziko lino amakhala bwino ndi alendo. Zonsezo n'zoona, ndipo mayi amene ndimachita lendi kwawo ndi umboni wake. Koma kupambana kwa ndale za chigulugulu sikuwerengedwa ndi mipando yokha. Kumaoneka pamene zipani zikuluzikulu zayamba kubwereka chilankhulo chake. Lero ngakhale m'chipani cha ANC, chimene atsogoleri ake anasungidwa ku Lusaka ndi ku Morogoro nthawi ya tsankho, wandale amaopa kuoneka wofewa pa nkhani ya alendo, chifukwa akudziwa chimene chimudikira pa X madzulo ake.

Mu 2025 tinaona magulu ataima pa zipata za makiliniki kufunsa ziphaso, kubweza amayi oyembekezera ndi odwala amene amadalira ma ARV, pamene gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo. Mu Novembala chaka chomwecho khoti lalikulu la Johannesburg linagamula kuti Dudula ilibe mphamvu yofunsa munthu mapepala kapena kumutsekera chipatala. Ndinakondwa ndi chigamulocho. Koma taonetsetsani makanema a pa zipata zija. Amene akufunsa chiphaso amakhala ndi mnzake pambali atakweza foni. Chimene abwera kudzatenga ndi kanemayo, ndipo mayi wobwezedwa ndi mimba yakeyo wangogwiritsidwa ntchito kuti kanemayo apezeke.

Nambala nazo zimayenda chimodzimodzi. Kwa zaka zingapo pankamveka kuti m'dziko muno muli alendo 15 miliyoni opanda mapepala, ndipo andale ena ankaibwereza nambalayi molimba mtima. Inachokera pa chiwerengero cha World Bank cha anthu opanda ziphaso, chimene chinkaphatikiza nzika za dziko lino zomwe. Kalembera wa 2022 anapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, Amalawi ali pafupifupi 200,000. Tinene kuti kalemberayo anaphonya ambiri, popeza wopanda pepala sakonda kuwerengedwa. Ngakhale mutaiwirikiza kawiri, simufika pa theka la 15 miliyoni. Koma funsani mu taxi kuti ndi nambala iti imene anthu akuidziwa.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Usindiso. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya dzina limeneli ya pa 80 Albert Street ku Marshalltown inapsa, anthu 76 n'kufa, ndipo Amalawi analimo ambiri. Ena anadumpha pa mawindo, ena anakapanikizana pa geti lokiya. Nyumba imeneyo nthawi ya tsankho inali ofesi yaikulu ya mapasi, kumene munthu wakuda ankaima pa mzere kupempha chilolezo chokhala mu mzinda uno. Ife tili pa ntchito yozindikira abale ndi kusonkha ndalama zotumizira mitembo kumudzi, ndinkawerenga pa foni anthu akulemba kuti alendo adzipha okha polanda nyumba za eni ake, ena mpaka kusekerera. Mitembo inali isanazizire, mlandu unali utagamulidwa kale. Kenako komiti ya woweruza wopuma Sisi Khampepe inakhala pansi, inamva mboni miyezi ingapo, ndipo mu Meyi 2024 inanena kuti nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda wa Johannesburg, kuti khonsoloyo inkadziwa kwa zaka momwe zinthu zinalili, ndipo sinachite zimene malamulo ake omwe amafuna. Choonadi chinafika patapita miyezi isanu ndi itatu, m'lipoti lalitali la Chingerezi cha maloya. Sindinalione likuyenda m'gulupu ina iliyonse, ngakhale m'magulupu athu ife oferedwa.

Mpaka pano ndalemba zimene Mmalawi aliyense wa ku Joni angavomere akugwedeza mutu. Zimene zandichititsa kukhala pansi kulemba ndi zotsatirazi.

Mu Meyi 2023, miyezi itatu moto wa Usindiso usanachitike, boma la Malawi linatuma apolisi ndi asilikali kukagwira othawa kwawo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni. Anawatola ku Lilongwe, amayi ndi ana omwe, ena n'kuwagoneka ku ndende ya Maula, kenako n'kuwatutira ku Dzaleka ku Dowa, kampu imene inamangidwira anthu pafupifupi 12,000 koma ikusunga oposa 50,000. Ena mwa anawo anabadwira ku Malawi ndipo chilankhulo chawo ndi Chichewa chomwechi. Makanema a anthu akukwezedwa m'malole analowa m'magulupu athu kuno. Ndipo ndinaona ndi maso anga anthu amene ndimapemphera nawo, anthu amene masiku a m'pasipoti mwawo anatha kalekale, amene akaona galimoto ya apolisi ku Mayfair amakhota njira, akulemba kuti: "Maburundi azipita, atilanda mabizinezi." Mawu amenewo mukawatembenuzira m'Chizulu mupeza chikwangwani cha Dudula.

Mmodzi wa olembawo anali amalume anga. Titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi si zomwezi akutinenera ife kuno?" Anati, "Iwe mphwanga, zimenezo n'zosiyana. Ife tinabwera kudzagwira ntchito, iwo aja akulanda." Ndinawauza kuti mnyamata wa ku Soweto naye amalumbira kuti zake n'zosiyana. Anakhala chete, kenako anatulutsa foni kuti andionetse kanema wina.

Amalumewa si munthu wouma mtima. Ndi iwo anandilandira pa Park Station nditangotsika basi, ndinagona pansi m'chipinda chawo miyezi inayi, ndipo pa maliro alionse dzina lawo limakhala loyamba pa mndandanda wa osonkha. Sanayambe akanganapo ndi munthu wa ku Burundi, ndipo ndikukayika ngati anachezapo naye. Koma amagwira ntchito ya ulonda usiku, pamalo pamene pali wifi yaulere. Maola khumi ndi awiri, usiku uliwonse, foni imawapatsa chimene yaona kuti chimawagwira mtima, ndipo akachionera imawonjezera china choposa pamenepo. Munthu amene akudya chakudya chimodzimodzi zaka zitatu, thupi lake limasintha iye osadziwa.

Ife a ku Joni tili ndi udindo waukulu pa nkhani imeneyi kuposa momwe timaganizira. Malamulo a kwathu satilola kuvota tili kunja, ndiye voti yathu yasanduka foni. Kuno data ndi yofikirika, ena tili ndi wifi ya kwa abwana, pamene m'bale wathu ku Mangochi kapena ku Mzimba amagula kabandulo ka WhatsApp kokha, kosamulola kukafufuza kwina. Chimene tamutumizira ndicho nyuzipepala yake. Komanso ndife timatumiza ndalama pa Mukuru mwezi ukatha, ndipo mawu a munthu amene akulipirira ana fizi satsutsidwa wamba. "Achimwene a ku Joni anena" ndi chidindo. Tikatumiza mawu akuti Alomwe ndi otere, Achewa atenga zonse, Atumbuka ndi odzikonda, timayatsa moto m'mudzi umene ife sitigonamo. Chikhalirecho ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo, palibe amakufunsa ngati ndiwe wa Mulhako kapena wa Kulamba.

Ndege imene inanyamula Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, tonse tinalira, ndipo mafunso ofunsa boma analipo oyenera: za ndegeyo, za nyengo, za kuchedwa kwa ntchito yofufuza. Koma mitembo isanapezeke n'komwe, m'magulupu athu munali kale mawu ojambulidwa otchula maina a akupha, aliyense akuti wamva kwa msilikali wina amene sangamutchule. Mafunso enieni aja anamira m'phokosolo, ndipo amene anayenera kuwayankha anapeza pothawira, popeza n'kosavuta kukana mphekesera kusiyana ndi kuyankha funso lolunjika.

Za malonjezo nazo tisadzinamize. Mu 2020 tinkatumizirana timapepala ta ntchito 1 miliyoni, feteleza wa K4,495 ndi kudya katatu, ambiri tili ndi chiyembekezo choti mwina tibwerera kwathu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu anabwezera Peter Mutharika pa mpando umene anamuchotsapo zaka zisanu m'mbuyomo. Sindikunena kuti ovota analakwa ulendo woyamba kapena wachiwiri. Ndikunena kuti maulendo onse awiri, m'magulupu amene ine ndilimo, sindinaone munthu akufunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Nkhani inali yakuti wakuba ndani, mpulumutsi ndani. Amene anayesa kufunsa za ngongole za boma kapena za kusowa kwa ndalama zakunja ankauzidwa kuti wadya za chipani.

Wina anena kuti foni yomweyi ndi imene inatithandiza mu 2019. N'zoona, ndipo sindingaiwale. Zithunzi za mapepala a zotsatira za chisankho cha kwathu opakidwa Tippex zinayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, anthu anaitanizana ku zionetsero, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa chisankhocho. Foni yomweyi ndi imene imasonkhanitsa ndalama za bokosi ndi galimoto m'bale akamwalira kuno. Koma pali kusiyana pakati pa pepala la Tippex ndi mawu a Lamulungu usiku aja. Pepala lija linali ndi dzina la malo ovotera, linali ndi manambala ndi masiginecha, linatheka kupita nalo ku khoti maloya a mbali zonse n'kulisanthula. Kwathu pabwalo la milandu munthu sangoti "akuti". Amfumu amafunsa kuti, "Akuti ndani?" Woneneza mnzake amaimirira anthu onse akumuona, akudziwa mayi ake ndi mudzi wake, ndipo akanama mawa akumana nawo pa chitsime. Foni yachotsa kuimirira kumeneko. Munthu amaneneza mtundu wonse ali gone pabedi, wopanda nkhope.

Anzathu a kuno ululu umenewu anaumva mu Meyi 2025, pamene Donald Trump anazimitsa magetsi mu ofesi yake n'kuonetsa Cyril Ramaphosa makanema ndi mapepala ofuna kutsimikiza kuti azungu a m'dziko muno akuphedwa mwa chiwembu chothetsa mtundu. Chimodzi mwa zithunzizo chinadzapezeka kuti chinajambulidwa ku Congo. Anthu mu taxi anakwiya kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa kunamiziridwa ndi kanema ndimakudziwa.

Pali munthu mmodzi amene saoneka m'makanema onsewa. Ndi bwana amene amalemba Mmalawi wopanda pepala ntchito pa malipiro ochepera amene boma linakhazikitsa, podziwa kuti sangakadandaule kulikonse. Tivomereze kuti ambiri a ife timalandira ndalama zimenezo chifukwa cha njala ya kumudzi, ndipo potero mtengo wa thukuta umatsika kwa aliyense, kwa mnyamata wa ku Soweto yemwe. Pamenepo dandaulo lake lili ndi mutu. Koma mankhwala ake anawaonetsa kalekale munthu wa kwathu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linakula mpaka kukhala gulu lalikulu kwambiri la anthu akuda m'dziko muno pa nthawiyo. Iye anasonkhanitsa onyamula katundu pa doko, a m'mafamu ndi a m'mafakitale pa nkhani ya malipiro. Ntchito yotero ndi yochedwa, ya misonkhano yotopetsa ndi kulemberana maina m'kaundula. Singakwane mu kanema wa masekondi makumi atatu, n'chifukwa chake foni siidzakubweretsera yokha.

Makampani aja ayenera kukakamizidwa kulemba anthu omva zilankhulo zathu ndi kusiya kulipira mkwiyo. Koma sindifuna kuti boma lililonse lipatsidwe chikwanje pa nkhaniyi. Kwathu lamulo la 2016 la za pa intaneti lagwiritsidwa kale ntchito kumanga anthu wamba chifukwa chonyoza atsogoleri pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo wolamula akapatsidwa mphamvu yosankha kuti bodza ndi liti, amayambira pa amene akumutsutsa.

Chimene chili m'manja mwanga ndi gulupu imodzi ya anthu a kwathu, imene ndine mmodzi wa oyang'anira. Chaka chatha tinagwirizana lamulo la amfumu lija. Wotumiza chenjezo, kanema kapena nkhani yoneneza munthu kapena mtundu anene kuti wazitenga kwa ndani, zachitikira kuti, tsiku liti. Akalephera, timachotsa. Anthu anayi anatuluka, mmodzi atanditcha kapolo wa boma, ngakhale sananene boma lake liti. Amalume sanatuluke, koma masiku ano zambiri amanditumizira kumbali, ndipo timakangana.

Ndimaopa ndithu kuti tsiku lina chenjezo lidzakhala loona ife tili kalikiliki kufunsa mafunso. N'chifukwa chake tinalemba maina a anthu athu okhala ku Jeppe, ku Hillbrow, ku Diepsloot, ku Alexandra ndi ku Turffontein, oti tiziwayimbira. Lamulungu lapitali mawu aja anabweranso, a mwamuna yemwe uja kapena wina wopuma ngati iye. Ndinayimbira achimwene ena okhala ku Jeppe. Anatuluka panja, anayenda mpaka pakona, n'kundiuza kuti mashopu ndi otsegula ndipo ana akusewera mpira mumsewu. Ndinalemba zimenezo m'gulupu, ndi nthawi yake, ndi kuti wanena ndi ndani, n'kulonjeza kuyimbanso 5 koloko m'mawa. Ndinayimba. Ambiri anapita ku ntchito. Mlamu wanga anadikira mpaka 7 koloko, kenako anakwera taxi ya ku Randburg.